Nalimata ndi Mlendo wa M'nkhuni

Dzulo madzulo mayi Nachisale, eni nyumba yomwe tikuchita lendi kuno ku Kawale, anayenda khomo ndi khomo kutiuza kuti m'mawa kubwera munthu wa pampu kudzapopera mankhwala a nsikidzi ndi mphemvu.

"Mutulutse zakudya ndi zodyera basi," anatero. "Zina zonse zitsale momwemo. Mukayamba kutulutsa katundu, tizilombo tibisala m'katundumo, mkuja tabwerera."

Nsikidzi ine sindigwirizana nazo, zamutupitsa msana mwana wanga Mwandida. Komabe ndinasowa tulo. Pakhoma la chipinda chathu pali lichero lomwe amayi anandipatsa pokwatiwa, ndipo kuseri kwake nalimata wina anamatako mazira awiri, oyera, aang'ono ngati nzama. Ndinawaona mwezi watha ndikufuna kupeta mpunga, ndipo kuyambira pamenepo ndimabwereka lichero la anansi. Nditawauza bambo ake a Mwandida anangoti, "Ndi buluzi chabe ameneyo, gona," natembenukira kukhoma.

Kwathu ku Mayani nalimata sankatchedwa buluzi chabe. Ndinasiya sukulu ndili Sitandade 6, chaka chomwe amayi anatupa miyendo. Anzanga akamapita ndi makope, ine ndinkatsala m'nyumba kuwadwazika. Munthu ukakhala chete m'nyumba yozira masana, umaona kuti suli wekha. Pansi pa mtsuko pankakhala chule. Bongololo ankadutsa pakati pa nyumba osapereka moni kwa aliyense. Amayi ali chigonere pamphasa ankati, "Usawapirikitse, timakhala nawo." Atachira, tsiku lozira nyumba ankatseka ming'alu yonse ndi mtsiro, koma umodzi wa pamwamba pa mtsuko ankaudumpha. Sindinawafunse chifukwa chake, ndipo pano sindingawafunsenso.

Mwandida anadzuka nayamba kudandaula. Ndinamuika pachifuwa, ndipo poti nthano zakale ndinaziiwala theka, ndinayamba kumupekera yanga. Ndinati padangokhala. Mwandida sanayambe kuyankhula, bambo ake anali akuliza mkonono. Amene anandiyankha kuti tili tonse ndi nalimata yemweyo, ndi kakulira kake ka pakhoma.

Padangokhala nyumba ina yozira, ndipo munkakhala anthu atatu: mayi, bambo ndi khanda longoyamba kukwawa. Anthuwa ankaganiza kuti nyumbayo ndi yawo okha. Koma m'mawa akatseka chitseko kupita kumunda, eni ake ena ankatuluka m'ming'alu.

Mfumu yawo anali a Chule, chifukwa ndiwo ankakhala pamchenga wonyowa pansi pa mtsuko, ndipo woyang'anira madzi sayankhidwa mwano. Mthenga wa mfumu anali a Bongololo, amene uthenga wa m'mawa ankaufikitsa madzulo. Msilikali wa pakhomo anali a Gulo. Iwo ankakhala pakhoma lakunja, mutu atasuzumitsa pampata wa pansi pa denga. Ukawafunsa ngati kunja kuli bwino, ankagwedeza mutu. Ukawafunsa ngati kwaipa, ankagwedezanso mutu. Nalimata analibe udindo. Iye ankangodya udzudzu kudenga, ndipo pamsonkhano ankakhala kumapeto.

Nalimata ameneyu anali atamata mazira awiri mumng'alu wa pakhoma, pamwamba pa mtsuko. Mazira a nalimata akamatika amatikiratu, sungawasunthe osawaswa. Tsiku lililonse ankawaimbira nyimbo imodzi yomweyo. Inkayamba ndi kuliza lilime, kenako mawu ake ankanena za timiyala tiwiri toyera tomwe tinalibe miyendo, n'kumatipempha kuti timere miyendo msanga. Povomera ankavomera a Chule ndi mawu awo a pansi pa mtsuko, ndipo a Bongololo ankapondaponda.

Tsiku lina mayi uja anabwera ndi mtolo wa nkhuni pamutu, nautula pakona m'nyumba chifukwa kunja kunali mvula. M'mawa mwake anthu atachoka, m'khungwa la nkhuni imodzi munatuluka mlendo, mchira uli m'mwamba. Odi sanapereke.

"Wamkulu ndani muno?"

"Ndife, bambo," anatero a Chule, mutu wokha atatulutsa. "Nanga anzathu ndani?"

"Ndine Chinkhanira. Inu madala, munalowa bwanji m'nyumba muno?"

"Pansi pa chitseko."

"Nanga inu a miyendomiyendo?"

"Pamng'alu," anatero a Bongololo.

"Mwaona. Ine ndalowera pakhomo, nditasenzedwa pamutu, pankhata, ndi mwini nyumba. Alipo wina muno amene ananyamulidwapo?"

"Khanda lokha," anayankha a Bongololo.

"Ndiye ine ndi khandalo ndife amodzi. Pomwe limagona ndigona pomwepo, pansi pa mphasa yake, pofunda."

Nalimata anayankhulira kukhoma. "Bambo, khanda limagubuduka kutulo."

"Ine sindiluma munthu asanandipsinje."

"Nanga likakupsinjani?"

"Lidzaphunzira."

Eni nyumba anakumana kuseri kwa mtsuko. A Chule ndiwo anayamba.

"Ana inu simukudziwa," anatero. "Chaka china m'bale wake wa ameneyu anangooneka muno, osaluma n'komwe. Mayiyu anawiritsa madzi nathira mumng'alu uliwonse wa pansi. Kenako anayatsa udzu nawawula makoma onse. Akazi anga oyamba anathera pomwepo. Nanga akaluma khanda? Ine ndati tisamuke."

"Tisamuke," anavomera a Bongololo.

"A Gulo mukuti bwanji?" anafunsa a Chule. A Gulo anagwedeza mutu.

"Mazira anga alibe miyendo," anatero Nalimata ali kumapeto.

"Ndiye ukuti titani, mwana iwe?"

"Mlendoyu achoke muno asanalume khanda, ndiponso mayiyu asanamuone."

"Amuchotse ndani?"

Chinkhanira anali atayamba kale ulendo wa kumphasa. Nalimata anatsika msanga namugwadira kutsogolo.

"Bambo, musatichititse manyazi. Mlendo wosenzedwa pamutu akagone asanalonjeredwe? Akamva a nyumba zina adzati kuno n'kopanda mwambo."

"Ndilonjereni msanga."

A Chule anapereka dzanja. Nalimata anapereka dzanja. Kenako anafika a Bongololo.

"Awa ndi mthenga wa mfumu," anatero Nalimata. "Mlendo wamba amamupatsa dzanja limodzi. Wolemekezeka amamupatsa onse. Kaya inu tikupatseni angati?"

"Onse."

A Bongololo anapereka dzanja loyamba. "Mwayenda bwanji, bambo?"

"Bwino."

Anapereka lachiwiri. "Kaya kumudzi?"

"Kuli bwino."

Anapereka lachitatu. "Mvula ikugwa kumeneko?"

"Ikugwa."

Anapereka lina, nafunsa za mbewu. Anapereka lina, nafunsa za chifuwa chomwe chavuta chaka chino. Dzuwa linakwera. Atafika chapakati pa thupi anafunsa kuti, "Kaya amayi?"

"Anamwalira kale."

"Pepani, pepani," anatero Nalimata. "Bwanji simunanene? Wamaliro moni wake ndi wina. A Bongololo, yambiraninso."

A Bongololo anayambiranso, dzanja lililonse ndi pepani wake. Chinkhanira anapirira, anapirira, kenako anakweza mchira. A Bongololo ataona mbola anadzipinda ngati nkhata.

"Mwawaopsa," anatero Nalimata. "Akadzipinda chonchi amaiwala pomwe analekezera."

Anayambiranso kachitatu. Asanafike kumchira, panja panamveka khasu likutulidwa. Aliyense anathawira kwake, ndipo Chinkhanira anabwerera m'khungwa lake akutukwana.

Nalimata anakwera kwa mazira ake naimba nyimbo ija motsitsa, a Chule akuvomera. Koma maso ake anali pa mtolo wa nkhuni. Mayi uja anasolola nkhuni zophikira, ndipo mtolowo unachepa.

Kutacha, anthu atachoka, Chinkhanira anatuluka atakwiya kale.

"Wondipatsa moni lero ndimuluma."

Nalimata anayang'ana kwa a Chule, a Chule anamira mumchenga. Anayang'ana kwa a Bongololo, anawapeza atadzipinda kale. Anayang'ana kwa a Gulo, a Gulo anagwedeza mutu. Ndiye anatsika yekha naima panjira.

"Choka, iwe."

"Ndikanachoka, bambo. Koma malo a pansi pa mphasa ali ndi mlonda wake. Ine ndimangomunyamula."

"Ali kuti?"

Nalimata anagwedeza mchira. "Achimwene angawa. Sayankhula kwambiri, koma ndewu ndiye amaidziwa. Ine ndawauza kuti asalimbane nanu, koma samva. Akuti mchira wanu ndi wokhota ngati ngowe yothyolera mango."

"Akuti chiyani?"

"Ngowe, bambo. Yothyolera mango osapsa."

Chinkhanira analumpha nagwira mchira wa Nalimata ndi manja ake opana. Mchira unaduka. Nalimata anamva kuwawa mpaka m'maso, koma sanalire. Anangoti, "Mwawamasula. Ine ndilibemo," nathawira kukhoma.

Mchira uja unayamba kudumpha. Chinkhanira anauluma, unadumpha. Anaulumanso, unamumenya kumaso. Anaupana pakati, unadzipotokola n'kumugwetsa chagada. A Bongololo anatambasuka pang'ono kuti aonerere.

"Achimwene ako sakutopa," ananong'ona.

"Atopa," anayankha Nalimata. "Tingopempha kuti dzuwa liyambe kutopa ndilo."

Mchira unafooka dzuwa litapendeka. Unagwedezeka kamodzi, n'kugona. Chinkhanira anaimirira pamwamba pake akupuma movutika, mbola yake itauma.

"Ndapambana," anatero. "Malo ndi anga."

"Ndi anu, bambo."

Koma miyendo yake inali itatha mphamvu, ndipo mphasa inali kutali. Anakwawira pamtsuko.

"Sunthani apo, madala. Ndigona pano lero. Mawa ndili pansi pa mphasa, ndipo palibe wondiletsa."

A Chule anasuntha. Mfumu yonse inakagona pafumbi kuseri kwa mtondo.

Nalimata anayesa kukwera khoma, anagwa, chifukwa wopanda mchira thupi limapendekera kumodzi. Anayesanso, anagwanso. Kenako anafika kwa mazira ake. Anaimba nyimbo ija, koma tsopano anaonjezamo za m'bale yemwe wagona pansi osadzukanso, napempha timiyala tija kuti tikamera miyendo tisaiwale kumera mchira. A Chule anavomera ndi mawu osasa, poti kukhosi kunali kouma. A Bongololo sanaponde.

Madzi mumtsuko anali atatsala pang'ono. Mayi uja akadzaunyamula kupita kuchitsime, adzamuona mlendo. Moni unatha, mchira unatha. Nalimata analibenso china chopereka, ndiye anangokhala mumng'alu kuyang'ana ntchito za mayi uja, monga ankachitira masiku onse.

Mayiyo anafika kuchokera kumunda dzuwa litalowa. Asanasonkhe moto anapala phulusa lozizira la m'mafuwa nalithira m'phale. Sanakalitaye, chifukwa phulusa satayira kunja dzuwa litalowa. Anaika phalelo kuseri kwa chitseko. M'mawa, asanasambe n'kumaso komwe, analinyamula kupita nalo kudzala. Nalimata anali ataziona zimenezi kambirimbiri osaziganizira. Tsiku limeneli anasuzumira pampata wa a Gulo naonerera mpaka mayiyo atabwera ndi phale lopanda kanthu.

Anthu atachoka, Chinkhanira anatuluka pansi pa mtsuko, mbola itadzazanso.

"Lero uli ndi chiyani, iwe wopanda mchira? Moni wina? M'bale wina?"

"Palibe, bambo. Njira ndi iyo." Nalimata anayamba kumuchotsera timitengo panjira. "Pitani. Fulumirani, pangazizire."

Chinkhanira anayenda pang'ono, n'kuima. "Ukundifulumizitsiranji?"

"Ayi, ndangoti mukapume."

Kenako Nalimata anatembenukira kwa a Bongololo nawanong'oneza, koma kunong'ona kwake kofika kukhoma lina: "Akangolowa pansi pa mphasa, za phale sadzazidziwa."

A Bongololo sankadziwa kanthu. Anafunsa mokweza, "Phale liti?"

"Khalani chete, inu."

Chinkhanira anabwerera namugwira Nalimata pakhosi. "Phale lanji?"

"Palibe, bambo. Nkhani za akazi."

Anamupana.

"Ndinena, ndinena. Inu mwati khanda ndi lalikulu muno chifukwa limanyamulidwa. Koma mwaona pomwe amalinyamulira? Kumbuyo, ngati katundu wosafuna kumuona. Mwatinso nkhuni zimasenzedwa pamutu. Inde, koma amazisenzera kuti? Anzanu munabwera nawo aja akuthera m'mafuwa."

Chinkhanira anayang'ana kumtolo. Panali patatsala nkhuni zowerengeka.

"Nena za phale."

"Phale la phulusa amalinyamula m'manja awiri, kutsogolo, m'mawa asanagwire china chilichonse. Akamatuluka nalo, nkhuku zonse za pabwalo zimathamanga kudzalichingamira. Zikafika zimaweramitsa mitu pansi, kuwerama, kuwerama, osatopa. Khanda nkhuku zinaliweramirapo?"

Chinkhanira anamusiya nayang'ana kumpata wa pansi pa denga. "Iwe msilikali, uli kunjako. N'zoona kuti amalinyamula m'manja awiri?"

A Gulo anagwedeza mutu.

"Nkhuku zimawerama?"

A Gulo anagwedeza mutu.

"Malo amenewa amaposa a khanda?"

A Gulo anagwedeza mutu kawiri.

Koma Chinkhanira anali atapusitsidwa kale, ndiye sanafulumire. "Nanga bwanji phalelo limabwera lopanda kanthu?"

"Wokwezedwa abwereranji kudzagona pansi?" anatero Nalimata.

"Nanga inu nonse, bwanji simunakweremo?"

A Chule anali atayamba kuona komwe nkhani ikupita. "Ine khungu, bambo. Phulusa limandiwotcha. Ndiye chifukwa chake ufumu wanga ndi wa pansi pa mtsuko."

"Ine sindikwanamo," anatero a Bongololo, ndipo iwo ankanena zoona.

"Nanga iwe?"

Nalimata anagwetsa nkhope. "Ine ndimadikira kuti ana anga aswe, ndidzakwere nawo. Chonde bambo, mwanditengera mchira. Musanditengerenso ichi."

"Ndatenga," anatero Chinkhanira.

"Simungathe. Malamulo ake ndi ovuta."

"Nena."

"Wamkulu saonedwa ndi womunyamula. Mumayenera kukwiririka yense m'phulusa, ndi mchira womwe. Mayi uja akangoona kansonga, adziwa kuti wakwera ndi munthu wamba, ndipo akutsitsani."

"Mchira wanga sunagonepo pansi chibadwire."

"Ndiye malo ndi anga ndi ana anga. Mphasa ndi iyo, bambo."

"Ugona," anatero Chinkhanira. "Wakuuza ndani kuti sungagone?"

Tsiku lonselo anabisala kuseri kwa chitseko akuphunzitsa mchira wake kugona. Madzulo mayi uja anapala phulusa, naika phale pamalo pake. Chinkhanira anakweramo, nakumba, nakwiririka. Kansonga ka mbola kanatsala kunja. Nalimata anatsika nakafotsera ndi dzanja lake.

Kutacha mayi uja anadzuka. Anaima pakati pa nyumba akumanga chitenje, maso ali pamtsuko, chifukwa madzi anali atatha. Nalimata anaona phulusa likugwedezeka: mlendo anali atatopa kudikira. Ndiye anayamba nyimbo ija, mokweza kuposa masiku onse. A Chule anavomera, a Bongololo anaponda ndi miyendo yonse. Chinkhanira m'phulusamo anaganiza kuti akumuimbira yomuperekeza, ndipo anagonanso phee monga ayenera wamkulu. Nyimbo inali yomweyo ya timiyala tiwiri topanda miyendo.

Mayi uja anawerama, nanyamula phale m'manja awiri, kutsogolo, natuluka.

Nkhuku zinathamanga. Patsogolo panali thadzi la anapiye. Phulusa litagwa padzala, Chinkhanira anadzikung'untha nakweza mchira kuti amuone bwino. Thadzi lija linapendeketsa mutu, linamuyang'ana ndi diso limodzi, kenako linawerama. Linawerama kamodzi kokha.

M'nyumba muja a Chule anabwerera pamchenga wawo nafunsa kuti, "A Gulo, mlendo wathu wafika bwino?"

A Gulo anagwedeza mutu.

Pamsonkhano wotsatira a Chule anafotokoza momwe anathamangitsira mlendo woopsa ndi nzeru za ufumu. A Bongololo anakumbutsa anzawo za manja awo, omwe anali akuwawabe. Nalimata anakhala kumapeto. Mchira wake unameranso, koma waufupi ndi wa mtundu wina, moti aliyense woona ankadziwa kuti pamenepa panadutsa nkhani.

Lisanafike tsiku loti mazira aswe, linafika tsiku lozira nyumba. Mayi uja anakanda mtsiro, nayamba kutseka ming'alu, umodzi umodzi, khanda likukwawa pambuyo pake ndi kudya dothi. Anafika pamtsuko. Anakweza dzanja lodzaza mtsiro, nasuzumira mumng'alu, naona timazira tiwiri ndi nalimata wa mchira waufupi atatikumbatira. Iye sankadziwa za mlendo, kapena za moni, kapena za phale. Anangoima, dzanja lili m'mwamba. Kenako anati kwa khanda lake, "Timakhala nawo," napitirira pamng'alu wina.

Nthano yanga inathera pamenepo. Kwathu ndikanatuma wina kuti akaphule mbatata yomwe ndinakwirira poyamba, ndipo akanabwera kudzandiuza kuti yapserera. Kuno timaphikira pambaula, mulibe phulusa lokwanira kukwirira mbatata, ndipo wotumidwayo anali atagona pachifuwa panga, kukamwa kuli yasa.

Lero m'mawa ndinadzuka bambo ake a Mwandida asanapite kuntchito. Ndinawapatsa mapoto ndi mbale kuti atulutse. Nalimata ndinamupeza kuseri kwa lichero. Ndinamuvundikira ndi kapu, pang'onopang'ono kuti mchira usaduke, n'kumulowetsa m'chitini cha majarini chomwe ndinachiboola pachivundikiro. Chitinicho ndinachiika m'poto lomaliza kutuluka.

Kenako ndinatsitsa lichero. Mazira a m'nthano anali pakhoma, koma awa anali pa chinthu chonyamulika. Ndinathiramo mpunga wodzaza manja, ndinabereka Mwandida, n'kutuluka.

Mayi Nachisale anali ataima pabwalo, manja m'chiuno, munthu wa pampu akusakaniza mankhwala pambali pawo.

"Amake Mwandida, lichero likupita kuti? Ndati zodyera basi. M'malichero ndimo mumabisala mphemvu."

"Muli mpunga, mayi."

Anasuzumira. "Mpunga umenewu? Ndi wa anthu angati?"

"Watsala womwewu. Ndikufuna ndipete."

"Mupeta osagwedeza? Mwaligwira ngati mwanyamula mbale ya mgonero."

"Mkono ukuwawa, mayi."

Anandiyang'ana, anayang'ana lichero, kenako anawerama nasuzumira kunsi kwake. Anakhala choweramira kanthawi.

"Kwanu n'kuti kodi?"

"Ku Mayani."

"Ife kwathu ankati ukaswa amenewa, mwana amachedwa kuyenda," anatero akudzuka. "Bodza la akuluakulu, koma pitani nalo kuseri kwa bafa, kuli mthunzi. Mukalibweza mawa, fungo litatha."

Ndinadutsa pabwalo nditanyamula lichero m'manja awiri, kutsogolo. Nkhuku za mayi Nachisale zitaona lichero zinadziwa kuti kuli chakudya, ndipo zinathamanga zonse kudzandichingamira, thadzi lili patsogolo. Ndinaziwazira mpunga uja pansi, zinayamba kuwerama. Lichero ndinalikweza pamwamba pa mutu, n'kudutsa pakati pawo.